Misonkhano Ikuluikulu ya Chipani, Nyuzipepala ndi Owerenga a ku Chitipa

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, umene unakhazikitsidwa mwalamulo m'Malawi mu 1966 n'kutha mu 1993, msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka wa chipani cha Malawi Congress Party, chimene ambiri ankangochitchula kuti Kongeresi, ndiwo unali bwalo lomangira mfundo zimene pambuyo pake Nyumba ya Malamulo inkangozivomereza. Msonkhanowu, umene andale amautchanso konivenshoni, kawirikawiri unkachitika mwezi wa September, ndipo unkasonkhanitsa nthumwi zochokera m'maboma onse: apampando a chipani, mafumu, aphungu, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata. Anthu amene sanali nthumwi ankadziwa zochitika kumeneko kudzera pa wailesi ya MBC ndi m'nyuzipepala ziwiri zazikulu, ndipo m'dziko lonse panalibe boma limene nkhanizi zinkayenda ulendo wautali kuti zikafikeko kuposa la Chitipa, lomwe lili kunsonga ya kumpoto, pamalire ndi Tanzania ndi Zambia, pafupifupi makilomita 1,000 kuchokera ku Blantyre kumene nyuzipepalazo zinkasindikizidwa.

Dera limeneli silinali lachilendo kwa atolankhani, pakuti mu February 1959, pamene linkatchedwa Fort Hill, otsatira Nyasaland African Congress analanda bwalo la ndege la pamalopo, ndipo Flax Musopole, amene anatsogolera anthu a kumapiri a Misuku pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anatchuka m'nyuzipepala za atsamunda ngati munthu woopsa. Chaka chomwecho Kongeresi inayambitsa kapepala kake kotchedwa Malawi News, kamene mkonzi wake anali mnyamata Aleke Banda. Nyuzipepala inayo, imene inachokera ku Nyasaland Times ya azungu, inalowa m'manja mwa Dr Hastings Kamuzu Banda kampani yake itagula Blantyre Print, ndipo kuyambira mu 1973 inkatuluka ndi dzina lakuti Daily Times. Motero munthu amene ankatsegula msonkhano, kuutseka ndi kusankha akuluakulu a chipani, ndiye analinso mwini makina osindikizira nkhani za msonkhanowo.

Zotsatira zake zinkaoneka pa tsamba loyamba. Chithunzi chachikulu chinkakhala cha Ngwazi, monga ankamutchulira Dr Banda, atagwira litchowa, atazunguliridwa ndi mbumba, ndiko kuti amayi a chipani ovala nsalu za nkhope yake amene ankavina pamisonkhano. Pansi pake pankabwera mawu ake otsegulira msonkhano, nthawi zambiri osadulidwa, kenaka mndandanda wa mfundo zimene nthumwi zamanga, zomwe zinkayamba ndi kuthokoza mtsogoleriyo ndi kulonjeza kusunga ngodya zinayi za chipani, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Nduna ndi akuluakulu ena ankatchulidwa makamaka monga olandira Ngwazi kapena obwereza mawu ake, ndipo mtsutso uliwonse umene unachitika m'kati mwa holo sunkalembedwa. Pachifukwa ichi owerenga ozindikira anaphunzira kuwerenga zimene sizinalembedwe: ankayang'ana kuti ndani watchulidwa koyamba pambuyo pa Ngwazi, ndani waima pafupi naye pa chithunzi, ndiponso ndani amene dzina lake linalipo chaka chatha koma chaka chino lazimirira popanda chifukwa chonenedwa.

Luso limeneli silinali lachabe, chifukwa kutchuka m'nyuzipepala kunali ngozi kwa wandale aliyense amene sanali Kamuzu. Nduna zimene zinasemphana naye mu September 1964, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Henry Masauko Chipembere, zinachoka pa kutamandidwa n'kuyamba kutchedwa zigawenga m'masabata ochepa, pamene Musopole, yemwe anakhala mbali ya Dr Banda, analowa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia inalemba kuti Aleke Banda ndiye angadzalowe m'malo mwa Kamuzu, ndipo nkhani imodziyo inakwanira kum'chotsetsa pa maudindo ake. Anabwezeretsedwa, koma mu 1980 anatsekeredwa popanda mlandu kufikira mu 1992. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani amene dzina lake silinkasowa m'nkhani za misonkhano, anamangidwa mu 1976 n'kunyongedwa mu 1977. Dick Matenje, mlembi wamkulu wina, anaphedwa mu May 1983 limodzi ndi Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, ndipo nyuzipepala zinauza dziko kuti anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, bodza limene linakhala nkhani yovomerezeka kwa zaka zoposa khumi.

Kwa anthu a ku Chitipa, msonkhano umene unakhudza kwambiri ubale wawo ndi nyuzipepala ndi wa mu 1968 ku Lilongwe, umene unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, kuti Chichewacho chikhale chiyankhulo cha fuko, ndiponso kuti icho ndi Chingerezi ndizo zizigwiritsidwa ntchito ndi boma, pamene ziyankhulo zina zinasiyidwa kuti zizingoyankhulidwa pakhomo. Chitipa ndi boma la ziyankhulo zambiri kuposa lina lililonse m'Malawi: kuli Chilambya cha kwa Mwaulambya, Chisukwa ndi Chindali cha ku Misuku, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe ndi zina, pamene kumwera, kwa Nthalire ndi ku Wenya, Chitumbuka chimamveka kwambiri. Mishoni ya Livingstonia inali itazolowetsa anthu ambiri a kumeneko kuwerenga Chitumbuka ndi Chinkhonde kutchalitchi ndi kusukulu, kotero kuti pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'zofalitsa za boma, mlimi wa khofi wa ku Misuku anatayanso ngakhale chiyankhulo chobwereka chimene ankamvera nkhani za dziko lake. Nyuzipepala zinalemba chigamulocho monga chipambano cha umodzi chimene nthumwi zonse zinachilandira ndi manja awiri, ndipo palibe tsamba limene likanayerekeza kufunsa mwana wa ku Kameme kapena ku Chisenga kuti aphunzira bwanji m'chiyankhulo chimene makolo ake sankachiyankhula. Apa m'pamene kulephera kwa utolankhani wa nthawiyo kukuonekera poyera, pakuti nkhani yeniyeni ya msonkhanowo inali kumidzi yakutali, osati pa nsanja ya Ngwazi.

Ngakhale pepala lenilenilo linkavutika kufika. Msewu wa makilomita pafupifupi 100 wochokera ku Karonga unali wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, kotero kuti mtolo wa nyuzipepala unkatha kufika paboma patapita masiku angapo msonkhano utatsekedwa kale. Pepala limodzi linkayenda m'manja ambiri, kuchoka kwa kalaliki wa ofesi ya DC kupita kwa mphunzitsi wamkulu, kwa aphunzitsi anzake, kwa m'busa, mpaka linkathera pa kukutira makope a ana asukulu. Ndipo amene ankadziwa Chingerezi ankamasulira anzawo mosamala, chifukwa kutanthauzira mawu a Ngwazi molakwika pagulu kunkatha kuitana apolisi kapena apayoniya. Mfundo za msonkhano zinkafika mwachangu kudzera mwa apampando a chipani kuposa pa pepala, monga zinachitikira ndi mfundo za mu 1967 ndi 1972 zolimbana ndi a Mboni za Yehova amene ankakana kugula khadi la chipani. Komabe kukhala pamalire kunali ndi phindu lake, chifukwa mawailesi a ku Tanzania ndi ku Zambia, pamodzi ndi BBC, ankamveka, ndipo amalonda odutsa malire ankabwera ndi nkhani za Amalawi othawira ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka zimene Daily Times sikanazilemba.

Kalembedwe kakaleka kanafika pachimake mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, pamene akuluakulu a chipani anachita msonkhano wadzidzidzi wowatukwana ndipo Malawi News inalemba ndemanga yonena kuti pasakhale chifundo. Patangotha miyezi yochepa, nyuzipepala zatsopano zinayamba kutuluka, zina zotsamira ku AFORD ya Chakufwa Chihana, zina ku UDF ya Bakili Muluzi, ndipo Aleke Banda yemwe uja anayambitsa The Nation mu 1993. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 chigawo cha kumpoto chinavotera zipani zambiri mwaunyinji, ndipo pa chisankho cha mu May 1994 mipando yonse 33 ya kumpoto, kuphatikizapo ya ku Chitipa, inapita ku AFORD.

Kuyambira pamenepo misonkhano ikuluikulu ya zipani imalembedwa ngati mpikisano. Atolankhani amalosera opambana, amaulula za ndalama zimene opikisana amagawira nthumwi, ndipo amatchula poyera magawano a m'chipani, monga zinaonekera mu 2013 pamene Peter Mutharika anagonjetsa Henry Chimunthu Banda m'chipani cha DPP ndiponso Lazarus Chakwera anasankhidwa kulowa m'malo mwa John Tembo mu MCP. Uku n'kusintha kwakukulu kumene sikuyenera kuchepetsedwa, pakuti mtolankhani wa mu 1975 akanalemba chimodzi mwa zimenezi akanagona ku ndende ya Mikuyu. Msewu wa Karonga ndi Chitipa nawo unaikidwa phula, wailesi ya Zodiak ndi zina zimaulutsa misonkhanoyi ikuchitika, ndipo zotsatira zimafika pa foni ku Misuku nthumwi zisanatuluke m'holo. Chimene chatsalira cha kale n'chakuti diso la nyuzipepala likadali pa anthu ochepa a kumpando wa kutsogolo, ndipo Chitipa imatchulidwa kawirikawiri m'kati mwa mawu akuti mavoti a kumpoto, ngati kuti Mlambya wa ku Ifumbo ndi Mngoni wa ku Mzimba ali ndi zosowa zimodzi. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, ndipo nyuzipepala ya Fuko imalemba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, koma nkhani ya msonkhano waukulu wa chipani m'Chilambya, m'Chisukwa kapena m'Chindali imamvekabe pakamwa pa nthumwi zobwerera kwawo, osati pa tsamba la nyuzipepala yofalitsidwa m'dziko lonse.