Mitengo ya Zinthu Itatsika ku Britain: Adakondwa Ndani?

 M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tikambirana funso limene limamveka kaŵirikaŵiri chuma cha dziko chikaloŵa pansi. Boma likalengeza kuti mitengo ya zinthu yatsika, kodi mai amene wanyamula dengu kupita kumsika amakuona kutsikako? Pofuna kuyankha funsoli, tipite ku Britain m'zaka za pakati pa 1929 ndi 1936, pamene mitengo idatsikadi, boma nkumalemba ziŵerengero mwezi ndi mwezi, koma mabanja ambirimbiri nkumagona ndi njala.

Poyamba tikumbutsane za ndalama za nthaŵi imeneyo, pakuti ndi zomwezo zimene makolo athu ankagwiritsa ntchito kuno ku Malaŵi kwacha isanabwere m'chaka cha 1971. Paundi imodzi idali mashilingi 20, ndipo shilingi imodzi idali makobiri 12.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa Okutobala 1929 msika waukulu wa masheya wa ku New York udagwa, ndipo posakhalitsa malonda a pakati pa maiko adayamba kuzilala. Dziko la Britain linkadalira kugulitsa kunja malasha, nsalu, zitsulo ndi sitima zapamadzi. Ogula atasoŵa, migodi ndi mafakitale adayamba kuchotsa anthu. M'chaka cha 1929 osoŵa ntchito olembedwa m'kaundula wa boma adali opitirira pang'ono miliyoni imodzi, koma pofika Januwale 1933 adatsala pang'ono kukwana mamiliyoni atatu.

Nthaŵi yomweyo mitengo ya zinthu inkatsika. Unduna wa Zantchito udali ndi muyeso wake wa mitengo ya zofunika pabanja. Mitengo ya mwezi wa Julayi 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, adaitenga ngati 100, ndipo mwezi uliwonse ankafufuza m'masitolo kuti aone pamene yafika. M'chaka cha 1929 muyesowu udali pa 164. M'chaka cha 1933 udali pa 140. Kunena kwina, katundu amene banja linkagula ndi mashilingi 20 m'1929, linkatha kumugula ndi mashilingi 17 m'1933. Ziŵerengerozi sizidali zabodza. Buledi, nyama, batala, shuga ndi tiyi zidatsikadi mtengo, ndipo aliyense woloŵa m'sitolo ankadzionera yekha.

Tsono adakondwa ndani? Adakondwa munthu amene adali pantchito yokhazikika. Malipiro a antchito ambiri adatsika pang'ono chabe, pamene mitengo idatsika kwambiri, kotero kuti paundi yao inkagula zambiri kuposa kale. Kumwera ndi m'chigawo chapakati cha England, kufupi ndi London, Oxford ndi Coventry, kudamangidwa mafakitale a galimoto, mawailesi ndi zipangizo zamagetsi. M'zaka khumi za m'ma 1930 nyumba zatsopano pafupifupi mamiliyoni atatu zidamangidwa m'dzikolo, ndipo makalaliki ndi amisiri ambiri adagula nyumba zaozao kwa nthaŵi yoyamba. Kwa anthu ameneŵa muyeso wa boma unkanena zoona zokhazokha.

Komatu dzikolo lidali ndi nkhope ina. M'chaka cha 1934, pa antchito 100 alionse a m'tauni ya St Albans, kufupi ndi London, osoŵa ntchito adali ngati anai okha. Chaka chomwecho m'tauni ya Jarrow, kumpoto chakuvuma kwa England, kumene kampani yopanga sitima ya Palmers idali itagwa, osoŵa ntchito adali pafupifupi 68 pa 100 alionse. Muyeso wa mitengo udali umodzi womwewo ku St Albans ndi ku Jarrow. Chosiyana chidali m'thumba. Muyesowo unkaŵerenga mtengo wa katundu wa m'dengu, sunkafunsa ngati mwini dengu ali nayo ndalama yogulira. Buledi akatsika ndi kobiri limodzi, pamene malipiro a mwini nyumba atheratu, kobiri limenelo silipukuta misozi.

Tiŵerengere pamodzi, omvera. Mwamuna wogwira ntchito m'fakitale ankalandira mashilingi oposa 50 pa sabata. Ntchito ikatha, ankalandira chithandizo chochokera ku thumba la inshuwalansi ya ulova: mashilingi 17 pa sabata a iye mwini, 9 a mkazi wake, ndi aŵiri a mwana aliyense. Banja la ana atatu linkalandira mashilingi 32. M'chaka cha 1931 boma lidasoŵa ndalama, ndipo komiti yotsogozedwa ndi Sir George May idalangiza kuti lichepetse zimene limawononga. Nduna za boma la chipani cha Labour zidagaŵikana pa nkhani ya kudula chithandizo cha malova, boma lidagwa m'mwezi wa Ogasiti, ndipo Ramsay MacDonald adapanga boma lina la mgwirizano. M'mwezi wa Okutobala chithandizo cha mwamuna chidatsitsidwa kufika pa mashilingi 15 ndi makobiri atatu, cha mkazi kufika pa mashilingi 8. Banja lija tsopano linkalandira mashilingi 29 ndi makobiri atatu. Chimodzi mwa zifukwa zimene ochirikiza kudulako ankapereka chidali muyeso womwe uja: mitengo yatsika, motero malova atha kukhala ndi zochepa.

Apa tikuona kuti chiŵerengero cha boma sichidali chongoŵerenga m'nyuzi. Chinkaloŵa m'nyumba za anthu. Antchito ena, monga a njanji ndi a m'boma, malipiro ao adali omangirizidwa ku muyesowo, kotero kuti ukatsika, naonso malipiro ankatsika. Aphunzitsi ndi apolisi adadulidwa malipiro m'chaka chomwecho cha 1931. Asilikali apamadzi a pa doko la Invergordon ku Scotland, atamva kuti ena mwa iwo azilandira mashilingi atatu pa tsiku m'malo mwa anai, adakana kugwira ntchito pa 15 ndi 16 Sepitembala. Sabata isanathe, pa 21 Sepitembala, Britain idaleka kumangiriza paundi yake ku golide.

Kuwonjezera apo, kuyambira Novembala 1931 munthu amene wakhala pa chithandizo masabata 26 sankalandiranso popanda kufufuzidwa. Wofufuza ankafika pakhomo kudzaŵerenga zonse zoloŵa m'banjamo: malipiro a mwana wamwamuna, timakobiri ta mwana wamkazi wogwira ntchito m'sitolo, penshoni ya agogo, ndi ndalama zosungidwa. Zonsezo zinkachotseredwa pa chithandizo cha bambo. Anyamata ambiri adachoka pakhomo pa makolo ao kuti makolowo asadulidwe chithandizo. Mtengo wa kusweka kwa mabanja otere sudalembedwe pa muyeso uliwonse.

Tsopano tiyang'ane m'dengu mwenimwenimo. Kodi lidali dengu la yani? Zimene adaikamo adazitenga pa kafukufuku wa m'chaka cha 1904, pamene boma lidafunsa mabanja 1,944 a anthu ogwira ntchito za manja momwe amagwiritsira ntchito ndalama zao. Potsata kafukufukuyo adagaŵa motere: pa magawo 100 a ndalama za banja, 60 chakudya, 16 lendi ya nyumba, 12 zovala, 8 malasha ndi zounikira, 4 zina ndi zina. Pofika 1933 dengulo lidali litakalamba zaka pafupifupi 30. Mudali makandulo, koma magetsi mudalibe. Mudali mbatata, koma ndiwo zamasamba ndi zipatso zamumtengo mudalibe.

Chimene chidatsika kwambiri pa zonsezo chidali chakudya, chimene mtengo wake udagwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Lendi siidatsike, idakwerako pang'ono, ndipo malasha adatsika pang'ono chabe, m'dziko limene munthu sangathe kupirira chisanu popanda moto m'nyumba. Popeza chakudya adachipatsa magawo 60, kutsika kwake kudakokera muyeso wonse pansi. Koma banja la lova silinkayamba ndi chakudya. Linkayamba ndi lendi, pakuti wolephera lendi ankatulutsidwa m'nyumba. Kenaka malasha, kenaka makobiri a bungwe la maliro, kenaka ngongole ya kusitolo, imene siichepa ngakhale mitengo itatsika. Zotsalazo ndizo zinkapita kumphika. Zinthu zosatsika zinkadya gawo lalikulu la ndalama za wosauka kuposa mmene muyeso unkaganizira.

Umboni womveka bwino udachokera m'tauni ya Stockton-on-Tees. Kumeneko m'chaka cha 1927 khonsolo idagwetsa nyumba zakale zauve za mbali ina, nkusamutsira mabanja 152 ku nyumba zatsopano zaukhondo pamalo otchedwa Mount Pleasant. Mabanja ena a umphaŵi wofanana adatsala m'nyumba zakale za m'mbali mwa mtsinje. Dokotala wamkulu wa zaumoyo m'taunimo, George M'Gonigle, adalondoloza magulu aŵiriŵa kwa zaka zisanu. Zimene adapeza zidadabwitsa dziko. Pakati pa osamukira ku nyumba zabwino, imfa zidachuluka, kuchoka pa anthu ngati 23 pa 1,000 alionse pa chaka kufika pafupifupi 34, pamene pakati pa otsala m'nyumba zakale imfa zidachepako. Chifukwa chimene dokotalayo adapereka chidali lendi. Kunyumba zakale banja linkalipira mashilingi anai ndi makobiri 8 pa sabata, kunyumba zatsopano mashilingi 9. Kusiyanako kudachotsedwa pa mkaka, nyama ndi mazira. Izi zinkachitika m'zaka zomwezo zimene muyeso wa boma unkatsika chaka ndi chaka.

M'chaka cha 1936 katswiri wa zakudya John Boyd Orr adasindikiza buku lotchedwa Food, Health and Income. Adapeza kuti anthu mamiliyoni anai ndi theka, ndiye kuti munthu mmodzi mwa khumi alionse, ankadya chakudya cha mashilingi anai okha pa sabata, chopereŵera pa zonse zofunika m'thupi, ndi kuti pafupifupi theka la anthu a m'dzikolo sankadya mokwanira bwino. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho amuna 200 a ku Jarrow adayenda pansi mamailosi pafupifupi 300 kupita ku London, phungu wao Ellen Wilkinson akuŵaperekeza mbali zina za ulendowo. Sadapite kukapempha kuti buledi atsike mtengo. Adapita kukapempha ntchito.

Patsala funso limodzi: nchifukwa ninji chakudya chidatsika chotero m'masitolo a ku Britain? Dzikolo linkagula chakudya chake chambiri kunja: tirigu ku Canada, Australia ndi Argentina, batala ku New Zealand ndi Denmark, tiyi ku India ndi Ceylon. Kutsika kwa mtengo m'sitolo ya ku London kudali kutsika kwa phindu la mlimi kutsidya la nyanja. Mtengo wa tiyi udagwa kotero kuti m'chaka cha 1933 olima tiyi a ku India, Ceylon ndi zilumba za Indonesia, zimene nthaŵiyo zidali m'manja mwa Adatchi, adapangana zochepetsa tiyi wotumiza kunja. Kuno kwathu, kumene kunkatchedwa Nyasaland, minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo inkagulitsa pa msika womwewo wa ku London, ndipo alimi a fodya a ku Lilongwe ndi ku Dowa ankalandira zochepa pa fodya wao. Koma msonkho wa mashilingi 6 sudatsike. Mlimi adayenera kugulitsa fodya wambiri kuti apeze mashilingi omwe aja. M'chaka cha 1935 komiti ya boma la atsamunda idapeza kuti amuna ngati 120,000 a dziko lino adali kunja kukafuna ntchito. Msonkho kwa mlimi wa ku Dowa udali ngati lendi kwa lova wa ku Stockton: cholipira chosamva za kutsika kwa mitengo.

Boma la Britain lidabwezera chithandizo cha malova pamene chidali m'chaka cha 1934. M'zaka za 1937 ndi 1938 lidachita kafukufuku watsopano pa mabanja oposa 10,000, ndipo lidapeza kuti chakudya chinkatenga magawo ngati 40 pa 100, osati 60 ai. Nkhondo yachiŵiri idachedwetsa kukonzako, motero muyeso wakalewo udagwirabe ntchito mpaka Juni 1947.

Tsono, omvera, mukamva pa wailesi kuti mitengo yatsika m'dziko lakutilakuti, musafulumire kunena kuti oŵerengawo anama, komanso musafulumire kunena kuti anthu a kumeneko apeza mpumulo. Funsani kuti dengu limene ayezalo ndi la yani ndipo adalidzaza liti. Funsani kuti zatsikazo nziti, ndipo lendi, msonkho ndi ngongole zili pati. Funsaninso ngati eni dengu akadali pantchito, ndi kuti wolima katundu wotchipayo walandira zingati. Akulu akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amuna a ku Jarrow adachitsekula m'chaka cha 1936.