Tsiku limene Guadalcanal inagwira U-505

Anthu akamasimba za June 1944 amathamangira ku nkhondo ya ku Normandy. Ine mtima wanga uli pa zimene zinachitika pa 4 June, kutatsala masiku awiri kuti za ku Normandy ziyambe, m'nyanja ya Atlantic chakumadzulo kwa Africa.

Sitima ya America ya USS Guadalcanal sinali yoti munthu n'kuichitira kaso. Inali imodzi mwa sitima 50 zonyamula ndege zimene kampani ya Kaiser inapanga mothamanga: zazing'ono, zopanda liwiro, zachitsulo chopyapyala. Koma ntchito yake inali yaikulu. Sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi, ma U-boat, zinkamiza sitima za katundu pakatikati pa nyanja, kumene ndege zochokera kumtunda zinkavutika kufika. Mankhwala ake anali kusenza bwalo la ndege n'kupita nalo komweko.

Mu April 1944 gulu la kaputeni wa Guadalcanal, Daniel Gallery, linamiza U-515 ndi U-68 m'masiku awiri otsatizana. Gallery anaona kuti U-515 inayamba yayandama kanthawi isanamire, eni ake akudumphira m'madzi. Bwanji osaikwera ndi kuigwira yathunthu? Analamula kuti pa sitima iliyonse yomuperekeza pakhale kagulu kokonzekera ntchito imeneyi.

Mwayi unabwera pa 4 June paja. Makina omvera phokoso la pansi pa madzi a sitima yoperekeza ya Chatelain anagwira kanthu. Ndege ziwiri za Wildcat zochokera pa Guadalcanal zinaona chithunzithunzi m'madzimo, ndipo zinayamba kuwomba zipolopolo pamalopo kuti zilozere anzawo. Mabomba ataphulika, U-505 inatumphuka chiwongolero chitafa, ikungozungulira. Asilikali ake anaithawa atatsegula polowera madzi kuti imire.

Apa m'pamene ndimaima nthawi zonse ndikamawerenga nkhaniyi. Albert David ndi anzake asanu ndi atatu anachoka pa sitima yoperekeza ya Pillsbury pa kabwato, nailondola sitima yozungulirayo, nakwera. Anatsikira m'kati pa kakhomo kongokwana munthu mmodzi, osadziwa ngati muli wina wowadikira ndi mfuti, kapena bomba lotcheredwa. Madzi anali kukhuthukira m'kati. Mmodzi wa iwo, Zenon Lukosius, anapeza chivundikiro cha polowera madzi paja chili poteropo, nachibwezera pamalo pake, nachimanga. Ena anali kalikiliki kutola mabuku a zizindikiro zachinsinsi ndi makina obisira mauthenga a Enigma. Kulimba mtima kotere sindikudziwa kuti munthu amakutenga kuti.

Guadalcanal inamanga chingwe n'kuyamba kuikoka ngati mbuzi yopita kumsika, uku ndege zikunyamuka ndi kutera monga mwa masiku onse. Kenako sitima yokoka ya Abnaki inalandira, ndipo U-505 inafika ku Bermuda pa 19 June. Chiyambire 1815, asilikali apamadzi a America anali asanagwirepo sitima yankhondo ya mdani pakati pa nyanja.

Komatu si onse anakondwa. Mkulu wa asilikali apamadzi, Ernest King, anakwiya mpaka kuganiza zomuimba mlandu Gallery. Britain ndi America anali atayamba kale kuwerenga mauthenga achinsinsi a Germany, ndipo Ajeremani akanangomva kuti U-505 yagwidwa, akanasintha zonse. Choncho aliyense anauzidwa kuti atseke pakamwa, ndipo anatsekadi.

Amene analipira chinsinsicho ndi akaidi 58 a m'sitimayo. Anawatsekera paokha ku Camp Ruston, ku Louisiana. Makalata awo sanatumizidwe, ndipo a Red Cross sanaloledwe kuwaona. Kwawo, amayi ndi akazi awo anauzidwa kuti anthuwo anafa, nalira maliro a anthu amoyo. Chifukwa chake ndimachimvetsa, koma ndimakana kuti mbali imeneyi izidumphidwa posimba.

U-505 ili ku Chicago, ku Museum of Science and Industry, kuyambira 1954. Guadalcanal anaigulitsa mu 1959 kuti aiphwanye. Albert David anamwalira ndi matenda a mtima mu September 1945 asanalandire mendulo yake ya Medal of Honor, ndipo pulezidenti Harry Truman anaipereka kwa mkazi wake mwezi wotsatira.