Zaka zimene nkhani inkayenda mobisa

Lamulungu pa 8 Marichi 1992, nkhani yaikulu kuposa zonse m'Malawi sinatuluke m'nyuzipepala, ndipo pa wailesi sinamveke. Inawerengedwa paguwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Inali kalata ya maepiskopi, yosindikizidwa mwakachetechete ku Montfort ku Balaka. Zimene inanena aliyense ankazidziwa kale: malipiro osakwanira, zipatala zosowa mankhwala, makalasi odzaza, anthu okhala m'ndende osazengedwa mlandu, ndiponso nyumba zofalitsa nkhani zimene zinali m'manja mwa mbali imodzi yokha. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali phee m'mabenchi.

Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Malo osindikizira a ku Balaka aja anatenthedwa. Nyuzipepala ya Malawi News inalemba ndemanga yaukali yoti maepiskopiwo asachitiridwe chifundo. Pamenepa ndi pamene pali chisoni cha mbiri yonseyi, pakuti Malawi News inabadwa kuti ichite ntchito yomwe kalatayo inachita.

Nyuzipepala zinafika kuno ndi amishoni ndi azungu a minda. Ya Central African Planter, yomwe inayamba mu 1895, inkalemba za khofi ndi mitengo ya mbewu, ndipo ndiyo inadzasanduka Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Munthu wakuda ankapezekamo ngati wantchito kapena ngati vuto. Za m'zilankhulo zathu zinalipo, monga Mthenga ya amishoni a ku Nkhoma ndi Msimbi ya boma, koma eni ake ndiwo ankasankha zimene mwini dziko ayenera kudziwa.

Mu 1959 zinthu zinatembenuka. Pa 3 Marichi atsamunda analetsa chipani cha Nyasaland African Congress n'kutsekera Dr Kamuzu Banda ndi anthu ena mazanamazana. M'chaka chomwecho mnyamata wa zaka 20, Aleke Banda, amene anali atangopitikitsidwa ku Southern Rhodesia, anayamba kutulutsa kapepala kotchedwa Mtendere pa Nchito. Iye ndi Orton Chirwa atakhazikitsa Malawi Congress Party, ntchito yolankhulira chipanicho inagwera Malawi News, Aleke ali mkonzi. Inali nyuzipepala yankhondo. Inkatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mosabisa mawu, ndipo kope limodzi linkadutsa m'manja ambiri, wodziwa kuwerenga akuwerengera anzake.

Ufulu utabwera mu 1964, wotsutsa uja anakhala mlonda wa pakhomo. Pofika m'zaka za m'ma 1970, Malawi News ndi Daily Times zonse zinali m'manja mwa kampani ya Kamuzu. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Tsamba loyamba linali la Ngwazi: Ngwazi ikuyendera mbewu, Ngwazi ikulandira mphatso, mbumba ikuvina. Mtolankhani ankaphunzira msanga kuti dzina la Pulezidenti Wamuyaya limalembedwa ndi maudindo ake onse, ndipo kuphonya chilembo chimodzi kungamuike m'madzi otentha. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, lomwe m'zaka zake zoyambirira zokha linaletsa mabuku oposa 800. Mu 1973 lamulo lina linati wotumiza kunja nkhani imene boma laiona kuti ndi yabodza ndi yoipitsa dziko akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Kuipa kwa dongosolo lotere kunaonekera bwino mu Meyi 1983. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Mtundu unauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. M'mabasi ndi m'maliro anthu ankanong'onezana zina, koma panalibe mkonzi amene akanatuma mtolankhani kukaona galimotoyo kapena kukafunsa amene anaona mitembo. Zinatenga zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza ya Jaji Michael Mtegha inene poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Ngakhale kuthawa sikunkapulumutsa munthu: Mkwapatira Mhango, mtolankhani amene ankalemba ali ku Zambia, anafa mu Okutobala 1989 pamodzi ndi ena a m'banja lake nyumba yake itaponyeredwa bomba la moto ku Lusaka. Aleke Banda mwini, amene anali atakhalapo mlembi wamkulu wa chipani ndi nduna, analowa m'ndende mu 1980 n'kukhalamo zaka 12 osaonekera kukhoti.

Koma nkhani ili ngati madzi, ukaitseka kuno imatulukira uko. Madzulo anthu ankachepetsa mawu a wailesi n'kusaka BBC kapena pulogalamu ya Chinyanja yochokera ku Johannesburg. Kalata ya maepiskopi itatuluka, ndipo wotsutsa boma Chakufwa Chihana atamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992, atolankhani enieni a chaka chimenecho anakhala anthu opanda dzina: makalaliki, masekilitale, amesenjala. Makalata osasainidwa ankalowa pa makina a fakisi usiku, m'mawa n'kukhala atachulukitsidwa pa fotokope ya ku ofesi, n'kumayenda m'matumba ndi m'masokosi. Apolisi anamanga anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi okhala ndi makina oterewa. Anthu amenewa mbiri siiwatchula kawirikawiri, chonsecho ndiwo anaika ntchito ndi miyoyo yawo pachiswe atolankhani olipidwa akadali omangika manja.

Kenako damu linaphulika. Mu Januwale 1993 mtolankhani Felix Mponda anamangidwa chifukwa chobwera ndi makope a New Express osindikizidwa ku Zambia, koma miyezi ingapo itadutsa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe inali itadzaza nyuzipepala zoposa 20: The Independent ya Janet Karim, Malawi Financial Post ya Alaudin Osman, Michiru Sun, The Monitor, The Enquirer, Malawi Democrat ya chipani cha Aford, UDF News ndi zina. Anyamata ogulitsa ankathamangira magalimoto, ndipo makatuni ankajambula anthu omwe dzulo lake dzina lawo linkatchulidwa monong'ona. Pa referendamu ya pa 14 Juni anthu 63 pa 100 alionse anasankha nyali ya matipate kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Pa 26 Julayi Aleke Banda, atatha chaka ali mfulu, anatulutsa kope loyamba la The Nation. Munthu yemweyo, nyuzipepala yachiwiri, patatha zaka 34.

Zoona ziyenera kunenedwa: zambiri mwa nyuzipepalazi zinali zikwanje za andale. Zinkalemba mphekesera ngati umboni, zinkatukwana, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitadutsa zambiri zinafa chifukwa ndalama za eni ake zinapita kwina. Komabe ndi m'chipwirikiti chomwecho mmene Amalawi anazolowera kuti mtsogoleri akhoza kufunsidwa funso n'kuyembekezeka kuyankha.

Malamulo atsopano oyendetsera dziko anateteza ufulu wa atolankhani m'gawo 36 ndi ufulu wopeza nkhani m'gawo 37. Malamulo akale okha sanachoke, ndipo boma lililonse linawapeza ali chikhalire m'kabati. Mu 1998, nthawi ya Bakili Muluzi, asilikali anathyola maofesi a Daily Times chifukwa cha nkhani ya Edzi pakati pa asilikali. Mu 2005 atolankhani Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda anagona m'chitokosi atalemba kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasamuka kunyumba ya boma poopa mizukwa. Boma lomwelo linaleka kuika malonda ake m'nyuzipepala za Nation, njira yopha nyuzipepala ndi njala popanda kuiletsa, ndipo mu 2011 linapatsa nduna mphamvu zotseka chofalitsa chilichonse, lamulo lomwe linafafanizidwa mu 2012 Joyce Banda atalowa. Pa 20 Julayi 2011, anthu ochita zionetsero akuomberedwa m'misewu, mawailesi analamulidwa kuleka kuulutsa zionetserozo pomwe zinkachitika, ndipo atolankhani anamenyedwa ndi apolisi. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, lomwe gawo 37 linalonjeza mu 1994, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Patangotha chaka ndi theka, Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism anagwidwa ndi apolisi, n'kulandidwa foni ndi kompyuta, kuti aulule amene anamupatsa chikalata cha nkhani ya katangale.

Pali mbali ina imene ofufuza za ufuluwu saikhalira pansi mokwanira, ndiyo chilankhulo. Nyuzipepala zikuluzikulu zimalemba m'Chingerezi ndipo zimathera m'matauni. Chichewa chimapatsidwa masamba ochepa a Tikambe kapena Tamvani. Kwa mayi wa ku Ntchisi kapena msodzi wa ku Makanjira, ufulu wa atolankhani sunafike mu 1993 ayi. Unafika ndi mawailesi: ya Dzimwe ku Mangochi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenako Zodiak mu 2005, imene inaika atolankhani m'maboma n'kumaulutsa zotsatira za chisankho malo ndi malo mavoti akangowerengedwa. M'mapulogalamu oimba foni, mlimi amene sanagulepo nyuzipepala amatchula dzina lake ndi mudzi wake, n'kufunsa phungu wake kumene kunapita ndalama za mlatho.