Kucokela pa Khadi la Shirley Kufika pa LUT: Ndani Amasankha Mtundu wa Khungu Lathu?

Aliyense amene anaikapo kamela ya Sony, Canon kapena Blackmagic pa log amadziwa mmene mtima umagundila ukatsegula vidiyo pa kompyuta. Zonse zimaoneka ngati zathilidwa phulusa: citenje cofiila cazilala, nkhope za anthu zili mbuu. Mankhwala amene ojambula acinyamata timapatsana ndi kafayilo kochedwa LUT. Ukangokaika, mitundu imabwelela. Koma kafayilo aka kali ndi mbili yake, ndipo mbiliyo ikhudza khungu lathu.

Makolo athu anayamba kuonela mafilimu opangidwa ndi anthu ena. Mu 1935 gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linazungulila ndi galimoto ya kanema ku Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Mu 1948 kunabwela Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury. Anthu akuda anali kusewela m'mafilimu amenewo, koma mmene adzaonekela pa cinsalu anali kusankha ndi azungu.

Ngakhale filimu yeniyeniyo inali ndi tsankho lake. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kupeleka ku malo otsukila zithunzi khadi lokhala ndi cithunzi ca mzimayi wacizungu, Shirley Page. Wotsuka anali kusintha makina mpaka khungu la Shirley litaoneka bwino, ndipo zithunzi za anthu onse zinali kudutsa pa muyezo umenewo. Zotulukapo zake tonse tinazionapo m'maalubamu akale: munthu wakuda aoneka maso ndi mano cabe. Lorna Roth wa pa Concordia University ku Canada analemba kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kusintha anali ogulitsa cokoleti ndi mipando yamatabwa, cifukwa katundu wawo wodelapo sanali kuoneka bwino pa zithunzi zotsatsila malonda. Khadi lokhala ndi akazi a khungu losiyanasiyana linabwela m'zaka za m'ma 1990.

M'zaka zomwezo Kodak inapanga Cineon, njila yosamutsila filimu mu kompyuta. Apa m'pamene log inazika mizu. Kuwala kwa pa filimu kunali koculuka kuposa kumene manambala 1,024 akanasunga mwacindunji, motelo akatswili anakupanikiza kuti mbali zowala ndi zamdima zonse zikwane. Mu 1993 anakonzela njila imeneyi filimu yakale ya Snow White. Pamene ARRI inatulutsa kamela ya Alexa mu 2010, inabwela ndi Log C. Sony ili ndi S-Log, Panasonic ili ndi V-Log, ndipo mu 2023 iPhone 15 Pro inabweletsa Apple Log m'thumba la munthu.

Conco kutuwa kuja si vuto, ndi nkhokwe. Taganizilani ukwati wojambulidwa masana pafupi ndi Lundazi Castle, nyumba ya njelwa ija imene Errol Button anayamba kumanga ca m'ma 1948. Pali dilesi loyela limene liwala ndi dzuwa, suti yakuda, ndi nkhope zili mumthunzi wa mtengo. Kamela yojambula mwa masiku onse imataya cimodzi: kaya dilesi lipsa n'kukhala coyela cabe, kapena nkhope zimila mumdima. Log imasunga zonse ziwili.

Nanga LUT n'ciani? Ndi tebulo la manambala cabe. Limati: ukapeza kufiila kwakuti, kubiliwila kwakuti ndi buluu wakuti, uzisinthe kukhala izi. Fayilo wamba ya .cube imakhala ndi masitepe 33 mbali iliyonse, kutanthauza mfundo 35,937. Ma LUT ena nchito yawo ndi kumasulila log kupita ku Rec.709, muyezo wa TV wa mu 1990, ndipo opanga makamela amawapeleka ulele. Ena ndi okometsela, opatsa vidiyo maonekedwe a mafilimu a ku Hollywood. Tebuloli silidziwa amene ali pa cithunzi. Ngati amene analipanga anayesela pa khungu loyela m'dziko la mitambo, ndiye kuti ndi khadi la Shirley lavala malaya atsopano.

Kusiyana n'kwakuti lelo mphamvu ili m'manja mwathu. DaVinci Resolve, imene kale inali ya masitudiyo olemela okhaokha, yakhala ikupezeka ulele kucokela mu 2011. Ife a pa wailesi timadziwa kuti mau ojambulidwa molakwika sakonzeka ndi batani imodzi, ndipo cithunzi naco n'cimodzimodzi. Pojambula, kuwala kuyezedwe pa nkhope. Pokonza, tiyambe ndi LUT yogwilizana ndi kamela yathu, pakuti ya S-Log3 siyenela pa Canon Log. Ndiyeno tiwongole kuwala ndi kuyela kwa zoyela, tione khungu, ndipo zokometsela zibwele pothela.

Mavidiyo a Vimbuza kuno ku Lundazi, a Kulamba ku Katete ndi a Nc'wala ku Mtenguleni amene tijambula caka cino ndi amene adzukulu athu adzaonela. Asadzapeze agogo awo ali otuwa kapena ofiilila ngati papaya cifukwa cakuti tinakhulupilila tebulo la munthu amene sanawaonepo.