Nchito zobwerezabwereza zimene kompyuta ingamugwirire mphunzitsi

Mphunzitsi wa cilankhulo ali ndi nchito za mitundu iwiri. Ina imafuna nzeru zake: kufotokoza, kumvetsera mmene wophunzira akuwerengera, kumulimbitsa mtima. Ina ndi yongobwereza: kulemba maina, kuwonkhetsa malikisi, kuconga funso lomwelo pa mapepala 40. Nchito yaciwiriyi ndi imene kompyuta imatha kugwira yokha, munthu akaiuza kamodzi.

Kompyuta ili ngati cigayo. Cimanga cimene mayi angasinje tsiku lonse mu mtondo, cigayo cimagaya kanthawi kocepa. Koma cigayo sicisankha. Mukathiramo miyala, cigaya miyala yomweyo. Kompyuta nayo imacita zimene mwaiuza basi, kaya ndi zolondola kaya ndi zolakwika.

Zinayamba liti?

Kuphunzitsa ndi kompyuta si kwa dzulo ayi. Mu 1960, ku University of Illinois ku United States, anayamba kupanga makina ophunzitsira a PLATO. Makinawa ankafunsa mafunso ndi kuconga mayankho okha, ndipo pambuyo pake ankaphunzitsanso zilankhulo. Nthawi imeneyo makompyuta anali aakulu ndiponso odula kwambiri. Lero zambiri zotere zimatheka ndi foni ya m'manja.

Kuno ku Mozambique nkhaniyi ikutikhudza. Kuyambira 1993 mpaka 1997, boma linayesa kuphunzitsa ana mu Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena a m'dziko muno. Mabuku a Cinyanja ndi ocepa, conco aphunzitsi ambiri amakonza okha zowerenga. Tiyeni tione nchito zisanu zimene kompyuta ingawapepukitsire.

1. Kusintha liwu paliponse pamene lili

Ku Malawi amalemba "chinthu" ndi "chaka". Kuno timalemba "cinthu" ndi "caka". Mphunzitsi akapeza nkhani yabwino yocokera ku Malawi, safunika kuikopera yonse pamanja. Mu Word muli lamulo limene pa Cipwitikizi limalembedwa kuti Substituir. Mumauza kompyuta kuti paliponse pamene pali "ch" iikepo "c". Mukadina kamodzi, masamba onse asintha.

Koma samalani. Kompyuta sidziwa kuti Lichinga ndi mzinda. Idzalemba "Licinga". Chimoio idzasanduka "Cimoio", ndipo dzina la Samora Machel lidzakhala "Macel". Nanga liwu lakuti "ntchito"? Lidzatuluka "ntcito", pamene ife timalemba "nchito". Ndiye mukatha kusintha, werengani nkhani yonse mwacifatse.

2. Kuwonkhetsa malikisi

Excel ndi pulogalamu ya mizere ndi timabokosi, ngati kaundula wa m'kalasi. Mumalemba dzina la wophunzira, kenako malikisi ake. M'masukulu a kuno malikisi amayambira pa 0 kufika pa 20, ndipo wopeza 10 wakhoza.

Tinene kuti mayi wina wapeza 12, 9 ndi 15. Mu Excel ya Cipwitikizi, lamulo la SOMA limawonkhetsa, n'kupereka 36. Lamulo la MÉDIA limagawa 36 patatu, n'kupereka 12. Lamulolo mumalilemba kamodzi pa mzere woyamba, kenako mumalikokera pansi. Ophunzira onse 40 aoneka malikisi awo nthawi yomweyo.

Vuto lake ndi ili: lamulo likalakwika pa mzere woyamba, lalakwika pa mizere yonse. Munthu amene wakhoza angauzidwe kuti walephera. N'cifukwa cake ndi bwino kutenga maina awiri kapena atatu, n'kuwerengera pa pepala kuti muone ngati zikufanana.

3. Kulemba maina pa zikalata

Maphunziro akatha, aliyense amayembekeza cikalata cake. Mawu a pa cikalata ndi amodzimodzi, cosintha ndi dzina cabe. Word imatha kutenga maina ku tebulo la Excel ndi kuika dzina lililonse pa cikalata cake. Pa Cipwitikizi nchitoyi amati impressão em série.

Musanasindikize, werengerani ophunzira mainawo mokweza, aliyense avomere lake. Munthu amene wangophunzira kumene kulemba dzina lake sangasangalale kulandira cikalata ca dzina lopotoka.

4. Kuconga mayeso

Moodle ndi pulogalamu yaulere yophunzitsira pa intaneti. Anaiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia, ndipo inatuluka mu 2002. Mu Moodle kapena mu Google Forms, mphunzitsi amalemba funso ndi yankho lolondola. Wophunzira akayankha, kompyuta imaconga yokha.

Izi zimayenda bwino pa mafunso osankha yankho limodzi mwa atatu kapena anayi. Pa mayankho olemba pamakhala msampha. Mphunzitsi waika kuti yankho ndi "galu", wophunzira walemba "garu". Tonse tikudziwa kuti ndi nyama yomweyo, eti? Koma kompyuta ikana. Conco mphunzitsi ayenera kuiuziratu malembedwe onse amene angawalole. Kalata kapena nkhani imene wophunzira wapeka, imeneyo aziwerenga yekha mphunzitsi.

5. Kukumbutsa mawu atsopano

Liwu latsopano silicedwa kuiwalika ngati sitibwerako. Mu 1972, Sebastian Leitner wa ku Germany anafotokoza njira ya timakadi ndi bokosi la zigawo. Kutsogolo kwa kadi mumalemba "madzi", kumbuyo "água". Mukakhoza, kadi imapita m'cigawo cotsatira, ndipo mudzaionanso pakapita masiku. Mukalephera, imabwerera m'cigawo coyamba, kuti muziiona pafupipafupi.

Pulogalamu ya Anki, imene inatuluka mu 2006, imatsata nzeru yofanana ndi imeneyi. Imakumbukira liwu limene likukuvutani ndi tsiku loti ikufunseninso. Pa mafoni a Android ilipo yaulere, dzina lake AnkiDroid. Makadi akalowa m'foni, imagwira nchito popanda intaneti. Ngati mulibe foni, bokosi la nsapato ndi timapepala zikwanira.

Ndi nchito iti yoyenera kupatsa kompyuta?

Dzifunseni mafunso atatu. Kodi nchitoyi ndimaicita kawirikawiri? Kodi imacitika mofanana nthawi zonse? Kodi ndingathe kuona ngati yalakwika? Mukayankha kuti inde pa onse atatu, ipatseni kompyuta. Ngati ndi nchito ya kamodzi pa caka, mwina kuikonzera lamulo kungakudyereni nthawi yambiri kuposa kungoicita pamanja.

Musanauze kompyuta kusintha zinthu zambiri, sungani kope lina la fayilo yanu. Yesani kaye pa tsamba limodzi kapena pa maina asanu. Ngati foni ikumasintha mawu a Cinyanja kukhala a Cipwitikizi pamene mukulemba, zimitsani kamakina kokonza mawuko. Ndipo malikisi ndi manambala a foni a ophunzira musamawatumize m'magulu a WhatsApp. Zimenezo ndi za eni ake.

Nthawi imene kompyuta yapulumutsa ili ndi kopita. Mphunzitsi angaigwiritse nchito kukhala pansi ndi bambo amene akusokonezabe b ndi d, n'kuwerenga naye mzere umodzi pang'onopang'ono.

Mafunso

1. Kodi kompyuta ikufanana bwanji ndi cigayo?
2. N'cifukwa ciani dzina la Lichinga lingalembedwe molakwika?
3. Wophunzira wapeza 10, 14 ndi 12. Mukawonkhetsa n'kugawa patatu, mupeza zingati?
4. Pa nchito zanu za tsiku ndi tsiku, ndi iti imene mumaibwereza kwambiri?