MMENE MISONKHANO YA OFUNA KULEKA MOWA INAYAMBIRA

Amayi anzanga, kuno ku Bangwe palibe amene sadziwa zimene mowa wachita m'mabanja mwathu. Bambo amalandira malipiro ku Limbe pakutha pa mwezi, koma pofika kunyumba m'thumba mulibe kanthu, ndalama zathera ku kachasu. Tikamayendera odwala ku Ntopwa ndi ku Namiyango, amayi ambiri amatinong'oneza kuti, "Kodi bambo a kunyumba ndipite nawo kuti?" Funso limeneli ndi lakale, ndipo ndafuna kuti ndikusimbireni mmene anthu ena analiyankhira.

M'chaka cha 1935, mwezi wa May, bambo wina wa ku New York dzina lake Bill Wilson anapita ku mzinda wa Akron, m'dziko la America, kukachita malonda. Iyeyu anali chidakwa chotheratu, koma anali atakhala miyezi isanu osalawa mowa. Malonda aja sanayende, ndipo ali yekha mu hotela, chilakolako chinamgwiranso. Pakhomo pa hotelayo panali ndandanda wa mipingo ndi abusa ake. Mmalo molowa m'bala, iye anaimbira lamya mbusa Walter Tunks, napempha kuti ampezere chidakwa chinzake choti acheze nacho.

Kudzera mwa mbusayo, uthenga unafika kwa mayi Henrietta Seiberling. Mayiwa anaitana dokotala wina, Bob Smith, amene mowa unali utamuonongera ntchito yake ya opaleshoni. Dokotalayo anabwera monyinyirika, nati akhala mphindi 15 zokha, koma anacheza mpaka usiku. Chimene chinamgwira mtima nchakuti mlendoyo sanamlalikire kapena kumdzudzula. Anangosimba za mavuto ake a iye mwini. Dokotala Smith anamwa komaliza mu June 1935, ndipo tsiku la 10 June ndilo limawerengedwa ngati chiyambi cha gulu la Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. M'chaka cha 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 a kuchira, ndipo pofika 1946 gululi linali litayamba ku South Africa.

Taonani mbali ya amayi m'mbiri imeneyi. Anne Smith, mkazi wa dokotala uja, anasunga Bill m'nyumba mwake miyezi ingapo, namalandira zidakwa zina ndi akazi awo. Sisitere Ignatia anayamba kugoneka zidakwa pa chipatala cha St. Thomas ku Akron mu 1939, nthawi imene zipatala zambiri zinkazikana. Lois Wilson, mkazi wa Bill, anaona kuti akazi a zidakwa nawonso ali ndi mabala awo mumtima. Choncho mu 1951 iye ndi mnzake anakhazikitsa gulu la Al-Anon, la mabanja ndi abale a anthu omwa.

Misonkhano yake imayenda motere. Palibe ndalama yolowera, aliyense amaponya m'mbale zimene angathe. Chofunika kwa wolowa nchimodzi chokha, mtima wofuna kuleka. Munthu amatchula dzina loyamba lokha, ndipo zokambidwa m'menemo sizituluka kunja. Salonjeza kuleka moyo wonse, amangolimbika tsiku lalero, mawa nkuyambanso. Amene wakhalitsa amagwira dzanja watsopano. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Kuno kwathu boma linaika malamulo oletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Zimenezi nzabwino, koma lamulo lokha silichotsa ludzu la munthu amene mowa wamlowa m'magazi. Ameneyo afunika chipatala ndiponso anzake.

Nanga tiyambire pati? Poyamba, munthu amene wamwa kwambiri zaka zambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi limanjenjemera, ena amakomoka kapena kuona zinthu zoti palibe, ndipo ena amafa nazo. Mperekezeni ku chipatala chathu cha Bangwe kapena ku Gulupu, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo. Milandu yovuta amaitumiza ku chipatala cha Zomba. Abale a St. John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amathandiza ofuna kuleka mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mukafika, funsani anamwino ngati akudziwa kumene ofuna kuleka amasonkhana, tsiku lake ndi nthawi yake. Funsaninso abusa, monga anachitira Bill uja. Ana athu odziwa intaneti angatifufuzire pa lamya za m'manja, pakuti masiku ano misonkhano ina imachitikira pomwepo.

Ngati pafupi palibe msonkhano, kumbukirani kuti gulu lija linayamba ndi anthu awiri m'nyumba ya mayi. Ife sitingalowe m'malo mwa omwawo, chifukwa msonkhano ndi wawo. Koma tingapemphe akulu a mpingo chipinda ndi mabenchi, tingaphike tiyi, ndipo koposa zonse tingasunge pakamwa pathu. Bambo amene wamva kuti dzina lake latchulidwa pa mjigo sadzabweranso. Ndipo mayi amene akumwa mobisa tisamseke, timuyendere monga timayendera wodwala aliyense.

Mlembi wa Mvano, Bangwe