Anyamata amene filimu ya Mount Carmel sinawafunse

Filimu ya Mugabe and the White African, yomwe inatuluka mu 2009, imasimba za Mike Campbell, mlimi wa pa famu ya Mount Carmel ku Chegutu, amene anasumira boma la Zimbabwe ku khoti la SADC pokana kulandidwa famuyo n'kupambana mu Novembala 2008. Mu Juni chaka chomwecho, iye, mkazi wake ndi mkamwini wake Ben Freeth anagwidwa n'kumenyedwa modetsa nkhawa. Filimuyi imaonetsa mabala awo, koma sifufuza chimene chinkakokera achinyamata m'magulu ochita zoterezi. Ine ndikuona kuti njala yofuna kuwerengedwa ngati munthu inawakoka kwambiri kuposa chidani.

Chipani cholamula cha ZANU-PF chinatengera njira za nkhondo ya ufulu ya m'ma 1970, pamene anyamata otchedwa mujibha ankatumikira zigawenga ndipo anthu ankachezera pa pungwe, kuimba mpaka kucha. Boma litagonja pa referendamu ya Febuluwale 2000, mafamu anayamba kulandidwa, ndipo mu 2001 ku Mount Darwin kunatsegulidwa kampu ya achinyamata ya Border Gezi. Otuluka kumeneko, omwe anthu ankawatcha Green Bombers chifukwa cha yunifolomu yobiriwira, ankapatsidwa mwayi woyamba m'makoleji ndi pa ntchito za boma. Taganizirani mnyamata wa m'komboni amene agogo ake anachokera ku Nyasaland: alibe munda, sukulu ya pafamu inamuthera panjira, anzake amamunyoza kuti mubwidi, ndipo lamulo la unzika la 2001 lasandutsa makolo ake alendo. Usiku pa pungwe, amene akukayikiridwa kuti ndi wa chipani chotsutsa cha MDC akugonekedwa chafufumimba n'kukwapulidwa anthu akuimba. Kugwira ndodo kunali njira yachangu yosonyezera kuti mnyamatayo si wogulitsa dziko.

Ena adzati mkwiyo wa malo unali woona. Zoonadi, lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu nthaka yachonde yochuluka, ndipo bala limenelo silinapole dziko litalandira ufulu mu 1980. Koma nkhondo yolanda mafamuyi ikadakhala yomenyera anyamatawa, akadalandira minda. Antchito a m'mafamu amene anapatsidwa malo anali ochepa kwambiri, ndipo mabanja ambiri anataya ntchito, nyumba ndi sukulu nthawi imodzi, kuphatikizapo mabanja a ena mwa ogwira ndodowo.